Soto apite kuti tigule atatu? Yankho kwa sapota wa Yankees amene mtima sunatsikebe

Wowerenga wina amene amatsata New York Yankees, timu ya baseball ya ku America, anandilembera imelo kumapeto kwa 2024, timuyi itangogonja kwa Los Angeles Dodgers mu World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, ndipo ndaidula pang'ono kuti tipite pa mutu wa nkhani:

"Ndapsa mtima ndi momwe tagonjera kwa Dodgers. Maganizo anga ndi awa. Kochi Aaron Boone achotsedwe. Juan Soto timusiye apite, chifukwa ndalama zimene akufuna zingatigulire anthu atatu: Pete Alonso pa first base, Alex Bregman pa third base, ndi Corbin Burnes woponya. Giancarlo Stanton tim'gulitse, wakalamba ndipo sathamanga. Anthony Volpe nayenso wandikwana. Kodi timu yotereyi singatenge chikho mu 2025?"

Achimwene, zikomo polemba; ndikuyankha monga zinthu zinalili mu Novembala 2024. Mkwiyo wanu ndaumva, ndipo sindingakudzudzuleni. Timu imene yatenga chikho maulendo 27, komaliza mu 2009, inadikira zaka 15 kuti ifikenso mu World Series, n'kukagonja masewero anayi mwa asanu. Kwa ife oonera kuno kumudzi masewero amenewa amayamba cha m'ma 2 koloko usiku, choncho kugonja kumawawa kawiri. Koma yankho langa n'lakuti ayi. Timu imene mwalembayi ingakhale yofooka kuposa imene yangogonjayi, chifukwa mukuchotsa chimene chinkayenda bwino, pamene matenda enieni mwawakhudza pang'ono chabe.

Tiyeni tibwerere pa 30 Okutobala 2024 ku Yankee Stadium, masewero achisanu. Aaron Judge anamenya home run (mpira wotuluka kunja kwa bwalo) mu inning (chigawo cha masewero) yoyamba, Jazz Chisholm n'kutsatira pomwepo, Stanton n'kuwonjezera yake mu inning yachitatu. Zinali 5-0. Woponya wathu Gerrit Cole anali ataponya ma inning anayi popanda wa Dodgers aliyense kumenya mpira womufikitsa pa base (poima othamanga). Kenaka inning yachisanu. Kiké Hernández anafika pa first base. Tommy Edman anamenya mpira wam'mwamba wolunjika kwa Judge pakati pa bwalo, mpira umene Judge amaugwira tsiku lililonse, koma unagunda golovesi n'kugwa. Chinali cholakwa chake choyamba chaka chonse. Will Smith anamenya wapansi kwa Volpe, Volpe n'kuponyera ku third base mpira wodunda pansi, Chisholm osaugwira. Ma base onse atatu anadzaza popanda wotuluka. Apa Cole analuma mano, anatulutsa Gavin Lux, anatulutsanso Shohei Ohtani. Panatsala munthu m'modzi kuti moto uzime. Mookie Betts anamenya kampira kofooka kopita kwa Anthony Rizzo, Rizzo anakagwira, koma Cole amene ankayenera kuthamangira pa first base kuti alandire mpirawo anangoima n'kuloza ndi chala. Betts anafika, Kiké Hernández n'kulowa. Freddie Freeman analowetsa awiri, Teoscar Hernández awiri enanso, 5-5. Masewerowo anatha 7-6, ndipo mu inning yachisanu ndi chitatu munalinso cholakwa china, golovesi ya Austin Wells itakhudza ndodo ya Ohtani. Palibe timu inatengapo chikho pa tsiku limene inatsalira ndi ma run (zigoli) asanu, mpaka usiku umenewo.

Ndakufotokozerani zonsezi ngakhale munaziona nokha, chifukwa ndikufuna muyang'ane kuti pa zonse zachitikazi palibe chimene chikukhudza kumenya. Ndi kugwira, kuponyerana, ndi kudziwa poima. Ndipo sizinayambe usiku umenewo. M'masewero oyamba ku Los Angeles aliyense amakumbukira grand slam (home run yolowetsa anthu anayi) ya Freeman mu inning ya 10, koma Dodgers akanafika kumeneko? Mu inning yachisanu ndi chitatu Ohtani anamenya mpira womufikitsa pa second base, Soto anaubweza kuchokera kukhoma, Gleyber Torres analephera kuuletsa, Ohtani n'kupita pa third base kwaulere. Betts anam'lowetsa, zinakhala 2-2. M'masewero achitatu Stanton anatumizidwa kuti athamangire ku home, n'kutulutsidwa ndi mpira woponyedwa ndi Teoscar Hernández. M'masewero achinayi, amene tinapambana 11-4, Volpe analephera kulowa kuchokera pa second base pa mpira wa Wells umene unakagunda khoma. Aliyense amene anatsata timuyi kuyambira Epulo anaziona zimenezi mobwerezabwereza. Zinkabisika chifukwa Judge ndi Soto ankamenya ma home run n'kukwirira zonse. Dodgers ndi timu imene siphonya mwayi wopatsidwa.

Ndiye tiyeni tikambe za Soto, chifukwa pulani yanu yonse yatsamira pa kuchoka kwake.

Mu 2023, Soto kulibe, Yankees inapambana masewero 82, kugonja 80, ndipo sinalowe n'komwe mu ndime ya ma playoff. Mu Disembala chaka chomwecho Brian Cashman, mkulu wogula osewera, anatumiza osewera asanu ku San Diego Padres, kuphatikizapo Michael King ndi Kyle Higashioka, kuti atenge Soto ndi Trent Grisham. Mu 2024 timu inapambana masewero 94. Soto anamenya ma home run 41, anayenda ma walk 129 (kupita pa first base osamenya mpira), ndipo pa maulendo 100 alionse amene ankaima ndi ndodo ankafika pa base pafupifupi maulendo 42. Judge, akumenya pambuyo pake, anamenya ma home run 58 ndi kulowetsa ma run 144. Awiriwa anamenya 99 mwa ma home run 237 a timu yonse. Ndipo amene anatitengera ku World Series ndi Soto yemweyu, ndi home run ya ma run atatu ija mu inning ya 10 ku Cleveland, atalimbana ndi woponya mpira ndi mpira, akugwedeza mutu, mpaka anapeza umene ankaufuna.

Chachikulu kwambiri ndi zaka. Soto anakwanitsa zaka 26 pa 25 Okutobala 2024. Osewera ambiri amafika pa msika womasuka ali ndi zaka 29, 30 kapena kuposa, kutanthauza kuti timu yowagula imalipirira zimene anachita kale. Alonso anakwanitsa 30 mu Disembala 2024, Bregman 31 mu Malichi 2025, Burnes 30 mu Okutobala 2024. Wogula Soto akugula zaka zake zabwino kwambiri zimene sizinafike. Mwayi wotere subwera chaka chilichonse. Komanso iye amamenyera kumanzere, ndipo khoma la kudzanja lamanja ku Yankee Stadium lili pa mafiti 314 okha pamzere. Alonso ndi Bregman onse amamenyera kumanja, ngati Judge, Stanton ndi Volpe. Mukachotsa Soto n'kuika awiriwa, mzere wa omenya udzapendekera mbali imodzi, ndipo mu Okutobala makochi a matimu ena amangosankha oponya a dzanja lamanja olimba n'kuwatumiza motsatizana.

Za ndalama simukunama. Soto anakana madola 440 miliyoni a zaka 15 ochokera ku Washington Nationals mu 2022, womuimira ndi Scott Boras, ndipo mwini wake wa New York Mets, Steve Cohen, ali ndi thumba lakuya kuposa eni matimu onse. Chiwerengero chimene chinali m'maso mwa aliyense kumapeto kwa 2024 chinali madola 700 miliyoni a Ohtani, ngakhale 680 miliyoni mwa amenewo adzalipidwa mochedwa, kontrakiti ya zaka 10 itatha. Yankees inali kale ndi katundu wolemera: Judge madola 360 miliyoni a zaka zisanu ndi zinayi, Cole amene anatsala ndi 144 miliyoni a zaka zinayi atasankha kukhala, Carlos Rodón 162 miliyoni, DJ LeMahieu 90 miliyoni mpaka 2026. Pali msonkho wa matimu owononga ndalama zambiri. Mu 2025 unkayambira pa madola 241 miliyoni, ndipo timu yobwerezabwereza ngati Yankees ikadutsa 301 miliyoni, dola iliyonse yopitirira inkabala msonkho wa dola imodzi ndi masenti 10. Hal Steinbrenner, mwini wake wa Yankees, ananena poyera mu Meyi 2024 kuti malipiro a msinkhu wa chaka chimenecho sangapitirire mpaka kalekale.

Koma muwerengenso mtengo wa anthu anu atatu. Palibe wotchipa pakati pawo, ndipo mukaphatikiza malipiro awo a pachaka adzaposa a Soto yekha. Onse atatu matimu awo anawapatsa qualifying offer (kontrakiti ya chaka chimodzi) ya madola 21.05 miliyoni, kutanthauza kuti timu yolipira msonkho ikasaina m'modzi imataya mwayi wake wachiwiri ndi wachisanu posankha achinyamata mu draft, kuphatikizapo madola 1 miliyoni a ndalama zosainira anyamata akunja. Kusaina atatu n'kutseka chitsime cha osewera a mawa. Kusunga Soto sikukanalanditsa mwayi umenewu chifukwa anali wathu kale. Ndipo ndalama zina zinamasuka: za Rizzo, za Torres, za Alex Verdugo, za Clay Holmes, ndi madola 31 miliyoni amene Soto ankalandira kale mu 2024.

Pali mbali imodzi imene mfundo yanga imavuta, ndipo ndiyenera kuinena. Soto si wogwira bwino. Malo amene amam'yenera ku Yankee Stadium ndi kumanja, komwe bwalo ndi laling'ono, koma amenewo ndi malo a Judge. Kusunga Soto ndiko kumene kunakankhira Judge pakati pa bwalo, munthu wa mamita awiri, wolemera makilogalamu oposa 120, amene anakwanitsa zaka 33 mu Epulo 2025, ndipo anavulala chala cha kuphazi mu 2023 atagunda khoma ku Dodger Stadium. Sindikunena kuti mpira wa Edman anaugwetsa chifukwa cha zimenezi, pakuti mu inning yachinayi ya masewero omwewo anagwira mpira wa Freeman akudziwombetsa kukhoma. Koma kuthamanga pakati pa bwalo masewero oposa 100 pachaka kumadya miyendo ya munthu wamkulu chonchi. Chimene ndingachite ine n'kugwiritsa ntchito Grisham kwambiri. Inde, mu 2024 anamenya .190 yokha (kumenya bwino maulendo 19 pa 100), koma ali ndi ma Gold Glove (mphoto ya wogwira bwino koposa) awiri, a 2020 ndi 2022, ndipo anakhala pa benchi World Series yonse. Timu ikatsogola mu inning yachisanu ndi chiwiri, Grisham alowe pakati, Judge asunthire pakona. Masiku amene Stanton wavulala kapena akupuma, ndipo masiku otere amakhalapo chaka chilichonse, Judge kapena Soto azingomenya osagwira.

Pa first base ndi pamene ndalama zotsala ziyenera kuyamba kupita. Timu inakana kum'patsa Rizzo madola 17 miliyoni a 2025, inam'patsa 6 miliyoni zotsanzikana. Anasewera World Series atathyoka zala ziwiri kumapeto kwa Seputembala, ndipo ndimam'lemekeza, koma zaka 35 ndi kuvulala kosatha zinam'gwira. Inu mukufuna Alonso. Ndikumvetsa: ma home run 53 m'chaka chake choyamba mu 2019, 34 mu 2024, ndi ija anamenya ku Milwaukee mu inning yomaliza n'kupulumutsa Mets. Koma Alonso ndi mtundu womwewo wa wosewera amene tili naye kale wambiri, wamphamvu pa ndodo, wolemera miyendo, wa golovesi wamba. Kum'gula kuli ngati kugula mipando yatsopano m'nyumba imene denga likudontha. Ine ndingatenge Christian Walker, amene mu 2024 anali ku Arizona Diamondbacks. Watenga Gold Glove zaka zitatu zotsatizana, 2022, 2023 ndi 2024, ndipo si wofooka pa ndodo: ma home run 36, 33 ndi 26 m'zaka zomwezo. Anakwanitsa zaka 34 mu Malichi 2025, choncho kontrakiti yake ingakhale yaifupi, ya zaka ziwiri kapena zitatu, osati zisanu ndi chimodzi. Wogwira bwino pa first base amapulumutsa anzake onse, chifukwa mipira yodunda pansi imene Volpe ndi Chisholm amaponya imathera m'golovesi mwake. Nayenso anapatsidwa qualifying offer, ndiye ngati titaye mwayi wa mu draft, tiutaye kamodzi, pa iyeyu. Ben Rice, mnyamata amene anamenya ma home run atatu tsiku limodzi polimbana ndi Boston Red Sox mu Julayi 2024, akhale pambuyo pake n'kumaphunzira.

Pa Bregman ndi pamene mwayandikira kwambiri choonadi. Chisholm anabwera kuchokera ku Miami Marlins mu Julayi 2024 n'kuikidwa pa third base, malo amene anali asanasewerepo. Anayesetsa, koma kwawo ndi pa second base, ndipo Torres ankachoka. Torres anamenya bwino kuyambira mu Ogasiti atamuika kukhala woyamba pa mzere, koma analakwitsa maulendo 18 mu 2024, ndipo kusasamala kwake pogwira ndi pothamanga n'kumene ndikunena kuti kuchepe. Apite bwino. Chisholm abwerere pa second base, ndipo pa third base pabwere munthu amene anakulira pamenepo. Bregman ndi wotero, anatenga Gold Glove mu 2024. Chondikayikitsa si nkhani ya kuba zizindikiro kwa Houston Astros mu 2017, ngakhale ndikudziwa kuti masapota ambiri a ku Bronx, kwawo kwa Yankees, sanakhululukebe. Chondikayikitsa ndi bwalo. Ku Houston khoma la kumanzere lili pafupi, mafiti 315, ndipo Bregman ankakokera mipira yake kumeneko. Ku Yankee Stadium, pakati pa kumanzere ndi pakati pa bwalo pali mafiti 399, ndipo mipira yambiri imene kwawo imatuluka idzagwidwa. Kufika kwake pa base kunatsika mpaka .315 mu 2024. Kum'patsa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa mtengo wapamwamba n'kubwereza zimene zatichitikira ndi LeMahieu, amene anamenya .204 mu 2024 ndipo anali akadali pa malipiro. Pa malo amenewa ndingakonde kusinthanitsa osewera kuti tipeze wa golovesi yodalirika, ngakhale asamenye kwambiri.

Stanton sangagulitsidwe, ndipo apa sitifunika kutaya nthawi. Kontrakiti yake ya madola 325 miliyoni, imene anasaina ndi Marlins mu 2014, imafika 2027, ndipo ili ndi ndime yom'patsa mphamvu yokana kusamutsidwa. Timu iliyonse yom'landira ingafune kuti Yankees ilipire gawo lalikulu la malipiro ake. Mungalipire kuti achoke munthu amene anamenya ma home run asanu ndi awiri mu Okutobala 2024, n'kusankhidwa wosewera bwino koposa polimbana ndi Cleveland? Kuti sathamanga n'zoona. Mankhwala ake n'kukhala ndi wothamanga pa benchi, ndi kochi wa pa third base wodziwa amene akumutumiza.

Volpe anali ndi zaka 23 mu 2024, anatenga Gold Glove m'chaka chake choyamba mu 2023, ndipo ndiye anamenya grand slam imene inatipatsa chipambano chathu chokhacho mu World Series. Mpira umodzi woponya molakwika usakuchititseni kum'taya.

Burnes ndi woponya weniweni, anatenga Cy Young (mphoto ya woponya bwino koposa) mu 2021, ndipo ku Baltimore Orioles mu 2024 anapambana masewero 15. Timu iliyonse ingam'fune. Koma oponya oyamba analipo kale oposa malo ake: Cole, Rodón, Luis Gil amene anapambananso 15 m'chaka chake choyamba chathunthu, Clarke Schmidt, Nestor Cortes ndi Marcus Stroman. M'malo mwake m'modzi kapena awiri mwa amenewa ndi amene angasinthanitsidwe kuti tipeze munthu wa pa third base uja. Pofooka ndi pa oponya a kumapeto kwa masewero. Holmes anataya chipambano maulendo 13 mpaka anam'chotsa pa udindo wotseka mu Seputembala, ndipo iye, Tommy Kahnle ndi Tim Hill onse makontrakiti awo anatha. Anatsala Luke Weaver, amene timu inam'sunga pa madola 2.5 miliyoni okha. Weaver anasenza katundu wa anthu atatu mu Okutobala, ndipo pofika masewero achisanu aja ankaoneka kuti watopa. Akufunika anzake awiri otha kutulutsa omenya popanda mpira kukhudza ndodo. Oponya otere amapezeka pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi Burnes.

Za Boone zinatha kale, timu inalengeza kuti akhalapo mu 2025. Koma funso lanu ndi loyenera, ndipo maganizo anga ali pawiri. Chimene anachita m'masewero oyamba sindikuchivomereza. Anatulutsa Cole ataponya mipira 88 yokha, ndipo mu inning ya 10, Tim Hill akukonzeka pambali, anasankha Cortes amene anali asanaponye kuyambira pa 18 Seputembala chifukwa cha chigongono. Cortes anatulutsa Ohtani, Verdugo atagwira mpira n'kugwera kwa oonerera. Kenaka Boone analola Betts kuyenda dala kuti alimbane ndi Freeman, ndipo mpira woyamba womwe unakagwera kumipando. Komabe Boone sanagwetse mpira wa Edman, ndipo si iye anaiwala kuthamangira pa first base. Pamene ndimam'pezera mlandu weniweni ndi pena. Wakhala kochi kuyambira 2018, ndipo timu imene imalakwitsa zinthu zophunzitsika chaka ndi chaka imaonetsa zimene akuluakulu ake amalekerera. Woponya kuthamangira pa first base ndi phunziro la sabata yoyamba ya kukonzekera ku Tampa mu Febuluwale. Cashman nayenso, amene ali pa mpando kuyambira 1998, ndi amene anasonkhanitsa osewera ambiri oima malo osakhala awo: Judge pakati, Chisholm pa third base, ndipo pamene Rizzo anavulala, Jon Berti ndi Oswaldo Cabrera pa first base mu ndime ya ma playoff. Kuchotsa kochi n'kusiya kagulidwe komweko sikungasinthe kanthu.

Kumanzere kwa bwalo ndingam'patse Jasson Domínguez, popeza Verdugo ankachoka. Anali ndi zaka 21 mu 2024, amamenyera mbali zonse ziwiri, amathamanga, ndipo malipiro ake ndi ochepa, zimene timu yolipira Soto ikufunika. Ndikudziwa kuti mu Seputembala anasokonezeka ndi mipira ingapo yam'mwamba kumeneko, n'chifukwa chake Verdugo ndiye anasewera mu Okutobala. Apatsidwe miyezi yonse ya kukonzekera akuphunzira malo amodzi okhawo.

Zonsezi zikudalira Soto kuvomera, ndipo akhoza kukana, ngakhale Steinbrenner atatulutsa zonse zimene angathe. Akuluakulu a matimu ankayembekezeka kukumana ku Dallas kumayambiriro kwa Disembala 2024, ndipo nkhani zazikulu ngati iyi nthawi zambiri zimatha cha pamenepo. Akapita ku Mets kapena kwina, pulani yanu idzakhala ndi malo, koma ndingaikonze motere: Judge abwerere kumanja tsiku lomwelo, pagulidwe wogwira weniweni wa pakati pa bwalo amene amamenyera kumanzere, Walker akhalebe pa first base, ndipo ndalama zazikulu zipite kwa woponya wapamwamba, Burnes wanuyo kapena Max Fried amene mu 2024 anali ku Atlanta Braves, chifukwa timu imene yataya ma home run 41 iyenera kupambana poletsa anzake kulowetsa ma run. Alonso sindingam'tenge ngakhale pamenepo.